Munda ukufuna mvula, denga likufuna dzuwa

Lamulungu lina m'Januwale abusa anandipempha kuti nditseke mapemphero, ndipo ndinaimirira n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha mvula. Inali itagwa masiku atatu osakata, mvumbi weniweni wa kuno ku Dedza, uja umaphimba phiri mpaka mlendo kukana kuti kuli phiri. Mpingo unavomera ndi Ameni wamphamvu, pakuti chimanga chinali chitayamba kupota masamba ndi ng'amba ya kumayambiriro kwa mwezi. Koma pokhala pansi ndinadzigwira ndekha bodza. Pakamwa ndinkathokoza mvula, mumtima ndinkawerenga mavoti. M'mawa umenewo kontirola ya sola yanga inali itaonetsa 12.0, ndipo chimene ndinkachilakalaka chinali dzuwa, ngakhale la maola awiri okha.

Sola imeneyi ndinaigula nditapuma ntchito yauphunzitsi. Ndi ya mawati 100, ili pa malata moyang'ana kumpoto, ndipo imadyetsa batire limodzi la mavoti 12. Batirelo limayatsa mababu anayi, kawayilesi, ka TV kakang'ono ndi kutchaja mafoni. Ndisanaigule ndinali ndi pemphero limodzi lokha la nyengo, lomwe ndinalandira kwa makolo: mvula ibwere pa nthawi yake, igwe mokwanira. Nditangoikweza padenga ndinasanduka munthu wa mapemphero awiri otsutsana. Munda ukufuna mvula, denga likufuna dzuwa, ndipo mwini zonse ziwirizi ndi ine ndemwe. Nanga Mulungu amvere uti?

Ndisainamizire mvula. Anthu ambiri amati dzinja sola imafa, koma ine amene ndimayang'ana kontirola m'mawa uliwonse monga ndinkaitanira mayina m'kalasi ndaona zina. Dzinja ndi pamene masiku amatalika, m'Disembala kufika pafupifupi maola 13, ndipo chapakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa paliwombo penipeni. Mvula yambiri ya kwathu imagwa masana kapena madzulo, m'mawa kutawala bwino, moti batire limakhala litamwa kale mitambo isanasonkhane. Mvulayo imatsukanso fumbi lomwe m'Okutobala ndimachita kukwera makwerero kukapukuta ndi kansanza. Komanso sola siikonda kutentha: imadya kuwala, osati kutentha, ndipo ikapsa kwambiri mphamvu yake imatsika. Maampu okwera kwambiri amene ndinawaonapo sanali a m'chilimwe ayi. Ndinawaona tsiku lina m'Febuluwale, mvula itangokata, galasi lili loyera ndi lozizira, dzuwa litatulukira pakati pa mitambo.

Mdani weniweni ndi mvumbi. Kumwamba kukatseka kuchokera m'mawa mpaka madzulo, sola yomwe imapereka maampu 5 imangodontheza osakwana imodzi. Siima ayi, chifukwa kuwala kumalowabe m'mitambo, koma chomwe imatola tsiku lonse n'chongokwanira mababu. Tsiku loyamba simudziwa kanthu. Tsiku lachiwiri TV imazima nkhani zili pakati. Tsiku lachitatu kontirola imadula yokha moto pofuna kuteteza batire. Batire langa loyamba ndinalipha ndekha pa tsiku lachitatu lotere. Ndinapsa mtima, n'kulambalala kontirola, n'kulumikiza mawaya pabatire penipeni kuti ndione mpira. Ndinabwereza kangapo dzinja limenelo, ndipo pofika nthawi yokolola batire linkadzaza msanga n'kuthanso msanga ngati ndowa yobooka. Mnyamata wokonza mawayilesi pamsika anangoti, "Aphunzitsi, batire lamtundu uwu simulikama kupitirira theka, ndipo silifuna kugona ndi njala masiku ambiri."

Tsono batire ndi chinthu chodabwitsa kwa munthu wowerenga Baibulo. Ine ndinakula ndi nkhani ziwiri zomwe sindinkaona kuti zimakangana. Ina ndi ya Yosefe ku Iguputo, amene anasunga tirigu wa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu dzambiri kuti adyetse dziko pa zaka zisanu ndi ziwiri za njala. Ina ndi ya mana m'chipululu, amene munthu ankatola ongokwanira tsiku limodzi, ndipo wosunga mpaka mawa ankawapeza atachita mphutsi, kupatula pokonzekera Sabata. Mlimi aliyense ndi mwana wa Yosefe. Timalima miyezi isanu kuti tidye miyezi khumi ndi iwiri, ndipo nkhokwe ndiye umboni wa nzeru zathu. Pogula batire ndinkaganiza kuti ndagula nkhokwe ya dzuwa. Ndinalakwitsa. Dzuwa la m'Okutobala silingasungidwe kuti lidzayake m'Januwale. Batire likadzaza, mwina isanakwane 12 koloko masana, kontirola imatseka, ndipo dzuwa lonse lotsalalo limangopsereza malata. Chomwe ndingasunge ndi cha mawa ndi mkuja basi. Ndinagula nkhokwe, kunyumba n'kupeza kuti ndanyamula dengu la mana.

Apa m'pamene nkhani ya mapemphero awiri inasandukira ina, ndipo amene anaisandutsa ndi agogo ena oyandikana nafe.

M'chilimwe pakhomo panga pamakhala ngati pasiteji. Mafoni amachita kundandalikana pawindo, ena okulungidwa ndi mphira, ena osweka galasi. Sindilipiritsa. Anthu amanditamanda, ndipo kunena zoona ndinkakukonda kutamandidwako. Lolemba lotsatira Lamulungu lija mvumbi unali pa tsiku lachinayi. Mdzukulu wanga wa Folomu 4 ankafunika babu usiku, ine ndinkafuna kumva nkhani za madzulo. Chamasana agogowo anafika atafunda thumba la feteleza kumutu, kafoni kawo ali atakamanga m'pepala la shuga kuti kasanyowe. Mwana wawo ali ku Joni, ndipo amaimba akalandira malipiro.

"Odi, aphunzitsi. Kafoni kanga kafa, mundithandizeko moto."

"Pepani agogo, batire latha. Mwaona nokha kunjaku."

Sanatsutse. Anawomba m'manja, n'kutembenuka. Mayi a kunyumba anali pakhonde akusadzula nkhwani, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo, latha batire, kapena latsala lanu?"

Anadzuka, n'kuwaitana agogo aja, n'kuzula waya wa TV, n'kulowetsa kafoniko. Ine ndinakhala duu, ndipo mwachizolowezi cha mphunzitsi ndinayamba kuwerengera mumtima. Kafoni kamabatani kotero kamadzaza ndi moto wochepa kuposa womwe TV yanga imadya pa kotala la ola. Ndinali nditawabweza agogo pamvula chifukwa cha mphindi zosakwana 15 za nkhani.

Usiku umenewo tulo tinandivuta. Chomwe chinkandiluma si bodza lokha, koma chimene bodzalo linaulula za chilimwe chonse. Moto womwe ndinkagawa m'Okutobala unali womwe kontirola ikanataya. Sindinkapereka kanthu, ndinkangolola anthu kutola zogwa pansi, ine n'kulandira zikomo. Kupatsa kwanga kunali kusanayesedwepo, chifukwa kunali kusanandidyerepo kanthu. Mayeso anabwera ndi mitambo, ndipo ine amene ndakhala ndikuchonga mayeso a ana a eni moyo wanga wonse ndinalakwa funso loyamba.

Makolo athu sankapempha mvula aliyense payekha. Ku Msinja kwa Makewana, kapena ku Khulubvi kwa Mbona, nsembe inkaperekedwa m'dzina la dziko lonse, chifukwa mtambo sudziwa malire a munda. Ngakhale mayina omwe ankamutchula nawo Mulungu, Chauta, Mphambe, Leza, ndi a kumwamba kumene kumaphimba tonse pamodzi. Yesu nayenso, mu Mateyu 5, anatchula dzuwa ndi mvula pamodzi monga mphatso zomwe Atate amapereka osayamba wafunsa za khalidwe la wolandira. Ndipo pemphero lomwe anaphunzitsa limapempha chakudya cha tsiku limodzi, komanso limapempha mochulukitsa, osati munthu kudzipemphera yekha. Sola inandipatsa chinthu chomwe agogo anga analibe: kachidutswa ka kumwamba kangakanga, kokhala ndi waya wolowa m'nyumba mwanga mokha. Nako ndinayamba kufuna nyengo yangayanga.

Wina anganene kuti vuto langa si lauzimu, ndi la masamu: onjezani sola yachiwiri, gulani batire lalikulu, nkhani yatha. Akunena zoona mbali ina. Sola ziwiri zimatola kawiri ngakhale kuli mitambo, ndipo ndikusunga ndalama kuti nditero. Mulungu sadana ndi kuwerengera, paja Yosefe anawerengera. Koma ngakhale dziko lathunthu silinathawe funsoli. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi akachepa makina amafooka, akachuluka amabwera ndi zinyalala ndi matope, ndipo m'Januwale 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Kuno kwathu ku Golomoti kuli munda wa sola wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire akuluakulu, ku Salima kuli wina wa 60, koma nawonso mvumbi ukafika amatola zochepa. Walira mvula walira matope. Batire lingakule bwanji, lili ndi tsiku lake lachinayi, ndipo pa tsiku limenelo funso silikhalanso la masamu. Limakhala lakuti chotsalachi ayambe kulandira ndani.

Sindinaleke kulakalaka dzuwa m'Januwale, ndipo sindikhulupirira kuti kulilakalaka ndi tchimo. Chimene ndinaleka ndi kumuyesa Mulungu ngati woweruza mlandu pakati pa munda wanga ndi denga langa. Mitambo idzachita zake. Gawo lomwe lili m'manja mwanga ndi laling'ono, lili pakhoma la pabalaza, pamene pali mabowo ochepa ndi mawaya ambiri. Tinapangana ndi mayi a kunyumba kuti kontirola ikafika 12.2 kunja kutatseka, TV imapuma, mababu amatsala awiri, la mdzukulu ndi la pakhonde, ndipo mafoni a okalamba ndi a amene ali ndi wodwala amayamba ndiwo. Yanga imakhala yomaliza. Lamuloli sindinalembe ndine, ndinangosainira.

Mwana wa agogo aja anaimbadi Lachitatu. Ndinadziwa chifukwa agogowo anabweranso, thumba lomwe lija kumutu, atanyamula kambale ka bowa amene mvumbi womwewo unameretsa. Madzulo ake tinadyera nsima pansi pa babu limodzi, kontirola ikuonetsa 11.9, mvula ikusosola pamalata.