Dontho la Msuzi Pachikhatho

Mayi akamaphika ndiwo samwa mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakolera. Amavundula, n'kudontheza msuzi pang'ono pachikhatho, n'kunyambita. Akatero amangoti, "Wakolera," kapena, "Iwe, tandipatsa mchere uko." Banja la anthu khumi limadya madzulo amenewo modalira lilime lomwe lalawa dontho limodzi, ndipo palibe amene amadandaula kuti amayi sanalawe zonse.

Ndikunena ndi inu, ana anga a Giredi 11 ndi Giredi 12 a ku Mfuwe, ku Jumbe, ku Msoro ndi kwa Mnkhanya, inu amene mphunzitsi akangolemba pabolodi mawu oti statistics mumazizira nkhongono n'kuyamba kuyang'ana pawindo. Ndikunenanso ndi inu amene munapita ku UNZA kapena ku CBU n'kukakumana nawo masamu omwewa m'chaka choyamba, nimuyamba kunong'onezana kuti amenewa ndi a ana a ku Lusaka amene anakulira pa kompyuta. Anakunamizani ndani? Masamu amenewa munabadwira m'menemo. Mphika ndiwo gulu lonse limene mukufuna kulidziwa, dontho lija ndiyo sampulo, ndipo kukoma kumene lilime lamva ndiyo avereji imene mukuyerekeza nayo mphika wonse. Kalaliki wa FRA akabaya thumba n'kutapa chimanga chodzaza dzanja kuti ayese chinyezi, naye akulawa ndiwo. Chimene sukulu ikuwonjezera ndi chimodzi chokha: kudziwa kuti lilime lanu lingaphonye ndi mlingo wotani.

Kwezani maso kumwamba kaye. Kandege kakang'ono kakamauluka chapansipansi pamwamba pa mitengo ya tsanya, kupita, kubwerera, kupitanso ngati munthu wolima mizere, mwina kakuwerenga njovu. Nkhalango ya South Luangwa yokha ndi masikweya kilomita 9,050. Ndani angaiyende yonse n'kuwerenga njovu imodziimodzi, njovu zomwe usiku umodzi zimaoloka mtsinje kupita ku Lupande? Choncho ndege imauluka mizere yowongoka, yotalikirana mofanana, pamtunda wa mamita pafupifupi 90. Anthu awiri amakhala kumbuyo, wina kumanja wina kumanzere, ndipo aliyense amawerenga nyama zokhazo zimene zaoneka pakati pa timitengo tiwiri tomangidwa pachogwiriziza phiko. Yooneka kunja kwa timitengoto, ngakhale ikhale nkhunzi ya minyanga yofika pansi, salemba. Akatera amapeza avereji ya njovu pa sikweya kilomita imodzi, n'kuchulukitsa ndi kukula kwa dera lonse.

Mwanjira yotereyi Graeme Caughley anayerekeza mu 1973 kuti m'chigwa cha Luangwa munali njovu pafupifupi 86,000. Kenaka kunabwera zaka za mfuti ndi malonda a minyanga, zaka zomwezo zimene zinatimalizira chipembere. Pa kalembera wamkulu wa njovu wa Great Elephant Census, amene ndalama zake anapereka Paul Allen, ndege zitauluka ku Zambia mu 2015 zinapeza kuti dziko lonse latsala ndi njovu pafupifupi 22,000. Dziko lonse, osati chigwa chokha. Manambala awiriwa palibe anawapeza pogwira njovu mchira. Onse ndi madontho a pachikhatho, koma ndi amene amachititsa boma kulemba asilikali a nyama, ndi amene amatsegula kapena kutseka matumba a opereka thandizo.

Tsikani pansi tsopano, tilowe m'mudzi, chifukwa nkhani ya njovu imakoma kwa alendo a kumaloji koma kwa ife imawawa m'munda. Tiyerekeze mudzi wa mabanja 400. Mukufuna kudziwa kuti chaka chino banja lililonse lakolola matumba angati a chimanga. Nthawi yoyendera onse mulibe, njinga ndi yobwereka. Mwasankha mabanja 25. Wina wakolola matumba 3 chifukwa njovu zinamulowera usiku umodzi mu Malichi, wina 20 chifukwa munda wake uli padimba lachonde, ena 10, ena 14. Mwaphatikiza zonse zakwana 300, mwagawa ndi 25, mwapeza 12. Imeneyo ndiyo avereji ya sampulo yanu, ndipo ndi nambala yabwino koposa imene muli nayo yonenera za mudzi wonse.

Apa ndi pamene ambiri amaima, ndipo apa ndi pamene ine ndikufuna inu muyambire. Mnzanu akanasankha mabanja ena 25, akanapeza 11, mwina 13. Ndiye 12 wanuyo tikamukhulupirire mpaka pati? Yang'anani mmene manambala anu amwazikira kuzungulira avereji, chija aphunzitsi amachitcha standard deviation. Tinene kuti mwawerengera mwapeza matumba 5. Banja ndi banja akusiyana kwambiri ndithu. Koma avereji ya mabanja 25 sigwedezeka ngati banja limodzi, chifukwa m'gulumo wodyeredwa ndi njovu ndi wa padimba amakokana n'kukumana pakati. Kugwedezeka kwa avereji mumakupeza pogawa 5 uja ndi sikweya ruti ya 25, yomwe ndi 5. Yankho ndi thumba limodzi. Imeneyo ndiyo standard error, dzina loopsa la kanthu kakang'ono. Mukaichulukitsa kawiri n'kuiika uku ndi uku kwa 12, mupeza 10 ndi 14. Tsono mutha kuimirira pamaso pa amfumu, pamaso pa alangizi, ngakhale pamaso pa a DC, n'kunena kuti avereji ya mudzi uno ili pakati pa matumba 10 ndi 14, ndipo njira imene mwagwiritsa ntchito imagwira choonadi maulendo pafupifupi 95 pa 100 alionse. M'nkhokwe za mudzi wonse muli matumba a pakati pa 4,000 ndi 5,600.

Mwaona chimene mwachita? Ndi cholembera, kope ndi mapazi anu mwasuzumira m'nkhokwe 375 zimene simunazitsegule. Umenewu si ufiti, ndi sikweya ruti. Ndipo sikweya ruti yomweyo ndi yaumbombo, dziwiranitu: mukafuna kuchepetsa kuphonya kwanu ndi theka, mabanja 50 sakwanira, pafunika 100. Thukuta kanayi, phindu kawiri. N'chifukwa chake wanzeru amayamba wafunsa kuti yankho likufunika lakuthwa motani asanakwere njinga.

Za kugawa ndi n kuchotsa 1 m'malo mwa n (n ndiye chiwerengero cha mabanja a m'sampulo) powerengera standard deviation musavutike nazo mtima. Sampulo imakonda kudzionetsa yogwirizana kuposa mmene mudzi ulili, ndiye timaidzudzula pang'ono. Basi.

Koma kuli tchimo limene masamu onsewa sangalikhululuke, ndilo kulawa osavundula. Mchere ukakhala pansi pa mphika, kaya mulawe zikombe khumi zapamwamba, mudzanenabe kuti ndiwo n'zosakolera. Mabanja 25 aja mukawasankha m'mbali mwa msewu wa tala wochokera ku Chipata chifukwa ndi pamene njinga imayenda bwino, mwalawa pamwamba. Mukafunsa okhawo obwera kudzadandaula za njovu, mudzalemba kuti mudzi wonse wagona ndi njala. Mukafunsa abale a amfumu ndi a m'kalabu ya feteleza, mudzalemba kuti kulibe vuto, ndipo gogo wa kutsidya kwa mtsinje adzadya mawungu a eni mpaka Febuluwale. Dziko la America linaphunzira zimenezi ndi manyazi. Mu 1936 magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt. Mayina ambiri inawatola m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, pa nthawi imene anthu wamba anali pa umphawi wadzaoneni. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. George Gallup, ndi sampulo yaing'ono kutalitali, ananena molondola wopambana. Anthu 2 miliyoni osavundula anagonja.

Kuvundula kwathu n'kosavuta. Pemphani kaundula wa mudzi, lembani nambala ya banja lililonse pakapepala, pindani, ponyani m'chidebe, khutchumulani, ndipo muitane kamwana kosadziwa kuwerenga katole 25. Chovuta si chidebe. Chovuta ndi mtima, pamene kapepala katchula nyumba ya kutali, ya munthu amene simulankhulana naye, dzuwa la Okutobala la kuno ku Malambo lili paliwombo, ndipo satana akukunong'onezani kuti mungofunsa nyumba yapafupiyi, adziwa ndani. Amene amakana liwu limenelo ndiye katswiri wa ziwerengero, ngakhale alibe gauni.

Wina anena kuti, "Ife a kumudzi, sampulo zathu zing'onozing'ono, zingapite kuti?" Mverani. Tebulo la t limene lili kumapeto kwa buku lanu analiyambitsa munthu wofulula mowa. William Sealy Gosset ankagwira ntchito ku fakitale ya Guinness mu mzinda wa Dublin, ndipo mutu wake unali pa balere ndi pa chimera. Sampulo zake zinali zochepa, zinayi, zisanu, khumi, ndipo masamu a nthawiyo ankafuna mazana.  Anakhala pansi n'kupeza mmene munthu angakulitsire malire ake sampulo ikachepa, nasindikiza mu 1908 pansi pa dzina lobisika loti Student. Pa mabanja 25 aja tebulo lake limati muchulukitse ndi 2.06, osati 2 chabe. Mukanafunsa mabanja 5 okha likanati 2.78, kutanthauza kuti wolawa pang'ono alankhule modzichepetsa. Ine chimandisangalatsa n'chakuti nzeru imeneyi inatuluka pafupi ndi mbiya ya mowa. Agogo anu ofulula akanamvana naye bwinobwino mkuluyu.

Musaganize kuti izi ndi za mayeso a ECZ okha. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko. Patapita miyezi yochepa boma linanena kuti chimanga cha chaka chimenecho chikhala matani pafupifupi 1.5 miliyoni, kutsika kuchoka pa oposa 3.2 miliyoni a chaka cham'mbuyo. Nambala imeneyo sinachokere pa sikelo yoyezera thumba lililonse la m'Zambia. Inachokera ku kafukufuku wa zokolola amene a ZamStats ndi Unduna wa Zaulimi amachita chaka ndi chaka pofunsa mabanja osankhidwa. Pa nambala yotero m'pamene pamakhazikika chiganizo choitanitsa chimanga kunja kapena kutseka malire, ndi cha kumene malole a chakudya alowere. Kalembera wa 2022, amene anapeza kuti tilipo oposa 19.6 miliyoni, ndiye yekha amagogoda khomo lililonse, ndipo amabwera patapita zaka khumi kapena kuposerapo chifukwa ndi wodula. Pakati ponsepo dziko limayenda ndi sampulo: kulemera kwa ana a kusikelo, malungo, mitengo ya zinthu pamsika.

Tsono funso langa ndi ili, ndipo ndikulifunsa mtima ukuwawa. Kuno ku Mambwe amawerenga ndani? Chigwa chathu chawerengedwa kuposa madera ambiri. Mvuu za mu Luangwa zawerengedwa, mikango ndi mimbulu yavekedwa makolala, nyamalikiti wathu wa Thornicroft amadziwika mmodzimmodzi ndi mawanga ake. Galimoto zimabwera ndi anthu onyamula matabuleti, amafunsa, amalemba, amapita. Mwana wa pano ntchito yake kumasulira ndi kulozera njira. Sindikuwada alendowo ayi, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko kazibwerera naye mpaka liti? Mlendo sadziwa kuti thumba la m'mudzi muno si la makilogalamu 50 nthawi zonse, kuti ena amayeza ndi ngolo ndipo ena ndi ndowa, kuti bambo amachepetsa zokolola akaganiza kuti kukubwera thandizo ndipo amazichulukitsa akaganiza kuti kukubwera ngongole. Inu mukudziwa. Mukudziwa kuti m'dzinja Lupande akadzaza midzi ina siifikika, ndiye sampulo ya mu Januwale imakhala ya anthu a kumtunda okhaokha. Nzeru imeneyo ku yunivesite saphunzitsa. Mukaiphatikiza ndi ka sikweya ruti kaja, pa msonkhano wa Community Resources Board simudzakhalanso woombera m'manja kumbuyo. Wina akadzati njovu sizinaononge kwambiri chaka chino, mudzatukula dzanja mwaulemu n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, munafunsa minda ingati, ndipo munaisankha bwanji?" Ndakhalapo pamisonkhano pamene funso lotere linaziziritsa bwalo lonse.

Mudzalakwitsa, inde. Tsiku loyamba mudzaiwala kugawa, mudzasokoneza standard deviation ndi standard error, mudzapeza avereji yoposa nambala yaikulu m'sampulo n'kudziseka nokha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Fufutani, bwerezani. Atsikana, ndikukuonani mukubisala kumbuyo kwa anzanu: amene anakuphunzitsani kulawa ndiwo sanali mwamuna, ndiye musandiuze kuti masamu awa ndi a anyamata.

Loweruka likubwerali musadikire mphunzitsi. Pitani kwa amfumu a mudzi, gwadani, perekani moni, fotokozani kuti ndi za sukulu, mupemphe kaundula. Tenganani atatu, wina wofunsa, wina wolemba, wina woyang'ana nkhokwe ndi maso ake. Ngati za chimanga zikuoneka zolemera, yambani ndi nkhuku za pakhomo, kapena mphindi zimene mwana amayenda kukafika kusukulu. Dulani mapepala, khutchumulani chidebe, kamwana katole. Kapepala kakatchula nyumba ya kutsidya, funsani kaye kumene njovu zagona, nyamulani madzi m'botolo, munyamuke kukangocha dzuwa lisanakwiye.