Mwana wa m'chigafa ndi amaanah ya yani?

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mwini zolengedwa zonse, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake onse.

Ife amene timaphunzitsa m'madrasa a m'mbali mwa nyanja timazindikira nyengo za chaka poyang'ana kaundula wa ana. Chilimwe chikafika pakati, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, mayina ena amayamba kuitanidwa popanda woyankha. Tikafunsa, anzawo amatiuza kuti kudabwera galimoto ndipo banja lonse lapita ku Kasungu kukalima fodya. Timadikira sabata ziwiri, kenako timadula mzere pa dzinalo. Chaka china mzere wotere tidaudula pa dzina la mnyamata wa zaka khumi amene adali pafupi kumaliza Juzu Amma. Adabwerera patapita zaka ziwiri, atatalika koma ataonda, Surah zambiri zitamuthawa, ndipo kusukulu ya pulayimale adakana kubwererako chifukwa amsinkhu wake adali atamusiya makalasi awiri. Palibe adatidzudzula, ndiponso palibe lamulo la boma limene tidaphwanya. Komabe funso limodzi latsalira m'mitima mwathu: kodi pamene tidadula mzere uja, udindo wathu pa mwanayo udathera pomwepo?

Tiyambe ndi kudziwa kumene mwanayo adapita. Zigwa za Kasungu ndi amodzi mwa malo amene amalima fodya wambiri m'dziko muno, ndipo msika wa Chinkhoma uli m'boma lomwelo. Maesiteti adachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1970, mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo manja olimira adachokera makamaka kum'mwera, kumene malo adachepa kale: Mangochi, Machinga, Zomba, Mulanje ndi Thyolo. Choncho ambiri mwa matenanti ndi abale athu enieni. Pangano la utenanti lidali lotere: bwana amapereka munda, mbewu, feteleza ndi chimanga chakudya, zambiri mwa izo pangongole, tenanti amalima, ndipo fodya akauma amamugulitsa kwa bwanayo pa mtengo umene bwanayo wanena. Ndalama imabwera kamodzi pachaka, ngongole itachotsedwa. Popeza malipiro amatsata kuchuluka kwa fodya, dzanja lililonse la m'nyumba limawerengedwa, ngakhale dzanja laling'ono. Bambo ndiye amapangana ndi bwana, koma ntchito imagwera banja lonse.

Fodya ndi mbewu yosapatsa mpumulo. Pali kuthirira nazale dzuwa lili pamutu, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kuthyola masamba, kuwasoka, kuwapachika pa mikangala m'chigafa, kenako kusankha ndi kumanga mabelo. Ntchito imafika pachimake kuyambira Januwale mpaka Malichi, nthawi imene sukulu zili pa teremu yachiwiri ndiponso njala ili pakhomo. Masamba aawisi akanyowa ndi mame, chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amamva chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009 lidati mwana wogwira ntchito m'fodya angathe kulandira tsiku limodzi chikonga chofanana ndi cha ndudu 50. Ife amene timakalipira mnyamata tikamupeza ndi ndudu imodzi kuseri kwa mzikiti, tiganizepo bwino pamenepa.

Malamulo oteteza mwanayu alipo. Maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo limaletsanso ntchito zoopsa kwa wosakwana zaka 18. Mu 2010 kudabwera lamulo losamalira ndi kuteteza ana. Mu Novembala 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wochokera ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani ya ntchito za ana ndi zokakamiza, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti. Zothandizira nazonso zilipo: ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma lililonse, sukulu za mkombaphala, nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, nambala yaulere ya 116, ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo imene idayambira ku Mchinji mu 2006. Vuto lili apa: pafupifupi chithandizo chonsechi chimapeza munthu kudzera m'mudzi umene akudziwika. Mwana wa tenanti kumene wapita ndi mlendo, nyakwawa ya kumeneko siimudziwa, ndipo kwawo kuno kulibe. Ali pakati pa maboma awiri, ndipo kaundula aliyense ali ndi chifukwa chomveka chomusiyira kunja.

Wina angatifunse kuti: kodi kugwira ntchito kwa mwana ndi tchimo? Funsoli ndi lolemera, tisalithawe. Mtumiki Muhammad, Swalla Allahu alaihi wasallam, adaweta ziweto ali wamng'ono, ndipo makolo athu adatiphunzitsa khasu ndi nkhafi tisanadziwe kulemba. Mwana wosadziwa ntchito ndi katundu kwa anthu. Koma pali ntchito imene imalera mwana, ndipo pali ntchito imene imamudya. Ma ulamaa akuluakulu, monga Imam al-Ghazali ndi Imam al-Shatibi, adafotokoza kuti Shariah idadza kudzateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma. Muyeso umenewu ndi wokwanira. Ntchito imene imamusiya mwana ali ndi thanzi, ali ndi nthawi ya sukulu ndi madrasa, ndiponso ikumupatsa luso, ndi maleredwe. Ntchito imene imathira poizoni m'thupi lake, kumuchotsa m'kalasi ndi kumuiwalitsa Swala yaononga zitatu mwa zisanuzo pofuna chuma chimene mwanayo sadzachigwira n'komwe. Muyeso womwewo utiweruzenso ife kuno kunyanja, kumene anyamata amachezera usiku wonse pa usipa ndi nyali, m'mawa n'kumawodzera m'kalasi. Sitingaloze chigafa cha ku Kasungu pamene gombe lathu lili ndi mlandu wofanana.

Ena amati mlandu wonse ndi wa makolo, poti iwo ndiwo adatenga ana. N'zoona kuti kholo ndilo loyamba kufunsidwa za mwana wake, ndipo umphawi sufafaniza udindo umenewo. Koma bambo amene watha chimanga mu Ogasiti, alibe munda wokwanira, nyanja nayo yachepetsa nsomba, sasankha monga asankhira munthu wokhuta. Ena amati mlandu ndi wa mabwana, makampani ogula fodya ndi boma. Nazonso n'zoona, ndipo wamphamvu zambiri adzafunsidwa zambiri. Mwini esiteti amene amawerengera manja a ana popanga phindu lake, kapena kusunga malipiro a wantchito mpaka atatopa kudikira, wachita chinyengo chimene chipembedzo chathu chimadana nacho, kaya iye ndi Msilamu kapena ayi. Koma taonani chimene chimachitika tikagawa mlandu motere: kholo likuloza bwana, bwana akuloza kampani, kampani ikuloza boma, boma likuloza kholo. Aliyense wanena zoona, ndipo mwana akadali m'chigafa.

Fiqh yathu ili ndi yankho pa chizungulire chotere, ndipo dzina lake ndi fardh kifaayah. Uwu ndi udindo umene uli pa gulu lonse: ena akauchita mokwanira, onse apepukidwa, koma akausiya onse, tchimo lili pa aliyense amene adadziwa ndipo akadatha kuchitapo kanthu. Chitsanzo chimene timaphunzitsa ana ndi janaza. Msilamu wachilendo akamwalira m'mudzi mwathu, sitifunsa kuti adalembedwa kwa nyakwawa iti. Timasonkha ya nsanda, timamusambitsa, timamuswalira ndi kumuika m'manda tsiku lomwelo. Palibe amanena kuti imeneyo ndi ntchito ya boma. Nanga bwanji mlendo wakufa timamuthamangira, koma mwana wamoyo amene akufota pang'onopang'ono timamudulira mzere? Ma ulamaa adaika kutola ndi kulera mwana wotayidwa m'gulu lomweli la fardh kifaayah. Mwana wa tenanti sadatayidwe ndi makolo ake, koma watayika pakati pa maofesi, ndipo chifukwa chimene chimatikakamiza kutola woyambayo chimatikakamizanso kufunafuna wachiwiriyu.

Qur'an siitenga nkhaniyi ngati ya chifundo chongodzipereka. Surah Al-Ma'un imaika kukankha mwana wamasiye ndi kusalabadira chakudya cha wosauka m'gulu la zizindikiro za kutsutsa chipembedzo, ndipo imachita zimenezi pamodzi ndi kuchenjeza anthu oswali. Mtumiki mwini adali wamasiye: bambo ake Abdullah adamwalira iye asanabadwe, mayi ake Amina adamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo agogo ake Abdul Muttalib adamusiya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, n'kupita m'manja mwa Abu Talib, m'bale wa bambo ake. Dzanja lina likachoka, lina linkalandira. Chimene chikusoweka kwa ana athu opita ku fodya ndi dzanja lolandira limenelo.

Mbiri ya Khalifa Umar ibn al-Khattab, Radhiya Allahu anhu, imatiphunzitsa chinthu chinanso. Olemba mbiri akale, monga Ibn Sa'd, amasimba kuti usiku wina Umar ankalondera apaulendo amene adagona mu Madinah ndipo adamva khanda likulira kosalekeza. Poyamba adadzudzula mayi wake. Mayiyo, osadziwa amene akulankhula naye, adafotokoza kuti akumuletsa kuyamwa nthawi isanakwane chifukwa thandizo la boma linkaperekedwa kwa ana okhawo amene asiya bere. Kutacha Umar adalengeza kuti mwana aliyense azilandira thandizo kuyambira pobadwa. Adazindikira kuti chimene chinkaliza mwanayo ndi lamulo lake lomwe, ndipo adakonza lamulolo m'malo mopitiriza kukalipira mayi. Nafenso tidzifunse kuti ndi dongosolo liti, la boma kapena la mzikiti, limene likukankhira makolo ku zimene timawadzudzula nazo.

Tsono tingachitenji ndi mphamvu zimene tili nazo? Choyamba, tisiye kudula mzere mwakachetechete. Banja likamanyamuka, mwalimu ndi komiti ya mzikiti alembe kumene likupita, apereke kalata yopita kwa Sheikh wa mzikiti wapafupi ndi kumeneko, ndipo athandize makolo kutenga kalata yosamukira kusukulu. Masiku ano foni ili m'thumba la anthu ambiri, kotero kufunsa kamodzi pamwezi ngati mwana walowa m'kalasi si chinthu chovuta. Chachiwiri, pamene kuli kotheka, ana a msinkhu wa sukulu atsale ndi achibale, ndipo jamaa ithandize banja lowasungalo ndi chimanga, sopo ndi makope, kuti ulendo wa makolo usakhale mathero a maphunziro a mwana. Chachitatu, tiyang'anenso kagawidwe ka Zakaat. Surah At-Tawbah, ndime 60, imatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, ndipo angongole ali momwemo. Mabungwe monga Islamic Zakaat Fund athandiza ophunzira ambiri osowa ndi fizi, ndipo Allah awalipire zabwino, koma mwana amene wasiyira Sitandade 4 sadzafika pa khomo limene fizi imaperekedwa. Thumba la chimanga loperekedwa mu Ogasiti likhoza kuletsa ulendo umene ukadaononga zaka ziwiri za mwana.

Chachinayi, tikhale nawo pamene zinthu zimakambidwa. Komiti ya sukulu, gulu la amayi oyang'anira atsikana kusukulu, komiti ya chitukuko cha m'mudzi ndi ya m'dera ndiwo malo amene mayina a osowa amalembedwa ndi kumene madandaulo amanyamukira kupita ku khonsolo. Msilamu amene amadzaza safu yoyamba koma osapezeka pa misonkhano imeneyi wasiya ana ake kuti awalankhulire ena. Abale athu a m'mizikiti ya ku Kasungu ali ndi gawo lalikulu pano, poti iwo ndiwo angathe kuuza ofesi ya zantchito kapena ya chisamaliro cha anthu akaona mwana akusoka fodya nthawi ya sukulu. Ndipo tisasankhe ana. Mwana wa Mkhristu wochokera ku Thyolo amene akugona m'chisakasa choyandikana ndi cha m'bale wathu ali ndi ufulu wa mnansi pa ife, ndipo chikonga sichifunsa chipembedzo. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Sitikunena kuti mzikiti ungalowe m'malo mwa boma, kapena kuti kalata ya mwalimu ingakweze mtengo wa fodya ku Chinkhoma. Mphamvu zathu ndi zochepa, ndipo Allah sakakamiza munthu kupyola zimene angathe. Koma zimene tingathe ndi zambiri kuposa zimene tachita. Mnyamata uja adabwerera, ndipo tidayambiranso naye pa Surah zimene adaiwala, ngakhale kusukulu sitidathe kumubwezera. Kaundula wathu adamutaya kwa zaka ziwiri, koma kaundula amene tidzawerengeredwe pa tsiku la Qiyaamah sadamutaye ngakhale tsiku limodzi. Chaka chino chilimwe chikafika, dzina likaitanidwa popanda woyankha, tisafulumire kutenga cholembera. Tiyambe tafunsa kumene mwanayo wapita ndi amene akamulandire.

Allah atikhululukire pamene tidanyozera, ateteze ana athu kulikonse kumene ali, ndipo Iye ndiye Wodziwa koposa.