Zimene poto wa khaman amaphunzitsa

Ku Gujarat, chigawo cha kumadzulo kwa India, tiyi samwedwa yekha. Amatsagana ndi tizakudya totchedwa farsan, ndipo mfumu ya timeneti ndi khaman: wachikasu, wofewa, wooneka ngati chikondamoyo, koma wophikidwa ndi nthunzi kuchokera ku tchana. Mabanja ena a Amwenye a ku Limbe makolo awo anachokera komweko. Wophika khaman kunyumba amatolapo nzeru zingapo.

1. Dziwani chimene mukuphika. Alendo amangoti zonse ndi dhokla, koma mayi wa mumzinda wa Ahmedabad ku Gujaratko angakudzudzuleni. Khatta dhokla ndi woyera, wa mpunga ndi nyemba za urad. Khaman ndi wa tchana. Amene sasiyanitsa zinthu amasakaniza njira, kenako amaloza chala poto.

2. Pali ntchito imene manja sangagwire. Njira ya makolo ndi kuviika tchana chosenda kwa maola angapo, kuchipera, kuthiramo chambiko pang'ono, n'kusiya phalalo pofunda usiku wonse. Tizilombo tosaoneka ndi maso ndi timene timalisasitsa, n'kutulutsa mpweya umene umalifufumitsa. Inu mukugona, ntchito ikuyenda. Kudzuka pakati pa usiku kukatakasa sikuthandiza kanthu. Ambiri a ife timavutika kuvomereza kuti mwana, munda ngakhale mlandu wa m'banja zili ndi nthawi imene zimafuna tizisiye kaye.

3. Komatu kudekha si yankho la zonse, ndipo apa ndi pamene khaman amandisangalatsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sananame, koma mwambiwu aulesi aubisalira kwambiri. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito ufa wa tchana, besan, n'kuthiramo Eno, yemweyu wa m'mimba, kapena soda ndi madzi a mandimu. Mukangothira, phala limachita thovu nthawi yomweyo, ndipo thovulo silidikira munthu. Madzi a m'poto akhale atawira kale, mbale itapakidwa kale mafuta. Wopita kukafuna chivundikiro panthawiyi amapeza mpweya wathawa, khaman n'kutuluka wolimba gwa! Munthu mmodzi yemweyo, pa chakudya chimodzi chomwecho, afunika kudziwa kudikira usiku wonse komanso kusataya ngakhale mphindi imodzi. Luso lagona pozindikira kuti ino ndi nthawi iti mwa ziwirizi.

4. Musasuzumire. Mphindi 15 mpaka 20 chivundikiro chili chitsekere. Kenako lasani pakati ndi mpeni. Ukatuluka woyera, wapsa.

5. Zinthu ziwiri zabwino zitha kuyambana. Chikasu ndi chabwino, soda ndi wabwino, koma zikachuluka n'kukumana osatakasidwa bwino, khaman amatuluka ndi mawanga ofiira, chifukwa chikasu chimasintha mtundu chikakhudzana ndi soda. Palibe woipa pamenepa. Chalakwika ndi muyezo. Milandu yambiri ya apongozi ndi mkamwini ndi yotere, ngakhale kuti ankhoswe amakonda kufuna wolakwa.

6. Chimene chikuoneka kuti chatha chimakhala chisanathe. Khaman wongochoka pa nthunzi ndi wouma, amatsamwitsa. Chomupatsa moyo ndi vaghar: mafuta otentha momwe nthangala za mpiru zathetheka, masamba a curry, tsabola wobiriwira ndi chitowe, n'kuonjezamo madzi a shuga ndi mandimu. Amathira pamwamba atadula kale timagawo, kuti msuziwo ulowe m'mipata. Shuga m'chakudya cha mchere amadabwitsa ambiri, koma Agujarati amadziwika nazo zimenezi, amathira ngakhale m'ndiwo.

7. Wophika amayamba waganizira wodya. Ku Gujarat kuli anthu ambiri a chipembedzo cha Chijaini, amene sadya anyezi, adyo, ngakhale zomera pansi pa nthaka. Mayi wolandira mlendo wotere amachotsa jinja m'phala lake, osadikira kuuzidwa.

8. Zonyenyeka sizitayidwa. Khaman wotsala kapena wophwanyika amamufumbutula, kumukazinga ndi vaghar wina, n'kuwazapo sev, timizere tokhukhuluza ta ufa wa tchana womwewo, nthawi zina ndi nthangala za chimanga cha chizungu. Chakudyachi chili ndi dzina lakelake, sev khamani, ndipo mumzinda wa Surat ku Gujarat komweko anthu amachita kuchigula m'mashopu.