Adhana ija sanaimve



Mwana akabadwa timamuchitira adhana kukhutu. Koma pali ana ena amene adhana imeneyo sanaimve, ndipo makolo amadzazindikira mochedwa, ataona kuti olo mbale igwe kumbuyo kwake mwana satembenuka. Apa ambiri timangoti "ndi Qadar" n'kukhala pansi, kudikira kuti akakula adzapita kusukulu ya ana osamva ku Mua kapena ku Maryview.

Ndi Qadar, inde. Koma kudikirako ndi kwathu. Zaka zoyambirira ndi pamene ubongo wa mwana umagwira chilankhulo msanga. Zikadutsa wopanda mawu, wopandanso zizindikiro, kuphunzira kumadzavuta, ngakhale Al-Fatiha imene.

Chilankhulo chamanja sichamanyazi ayi. Werengani Surat Al-Imran, ayah 41: Zakariya (A.S) adauzidwa kuti masiku atatu alankhula ndi anthu ndi zizindikiro zokha. Mneneri wa Allah ameneyo!

Ngati kwanu kuli mwana wotere, pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu, ndipo funsani a bungwe la MANAD komwe mungaphunzire zamanja, banja lonse osati mayi okha. Nanga ife achinyamata, m'madrassah mwathumu, ndani angamufotokozere mwanayu ndi manja kuti Allah ndi ndani?