KODI WOGULITSA PA MSEU ACIMWA?

Pali funso limene akuru a mpingo a m'matauni akhala alikufunsana zaka zambiri, ndipo ife a ku midzi sitingathe kunena kuti silitikhudza, pakuti anthu amene funsoli liwanena ndiwo ana athu, alongo athu ndi akazi amasiye a abale athu. Funso lace ndi ili: Boma likaletsa malonda a pa mseu, koma mai amene ali Mkristu napitabe m'mawa mwace kukayala matimati ace m'mbali mwa mseu womwewo, kodi mai ameneyo wacimwa? Ena ayankha msanga kuti inde, popeza Mtumwi Paulo m'kalata yace ya kwa Aroma anatilangiza kumvera maulamuliro. Ena ayankha msanga kuti iai, popeza ana ali ndi njala. Ine ndiopa mayankho onse awiri cifukwa ca liwiro lao. Mlandu uwu ufuna kuti tiukhalire pansi.

Tiyambe ndi malo amodzi, kuti tingalankhule za m'mwamba. Wusakile ndi komboni ya mu mzinda wa Kitwe, ku Migodi, imene inamangidwira anchito a mgodi wa Nkana masiku a kampani ya Rhokana. Ambiri a inu okalamba mukumbukira mbale amene anakhalako, nabwera kumudzi ndi njinga ndi mabulangeti. Masiku aja mgodi unali ngati atate ndi amai pamodzi: unapatsa munthu nchito, nyumba, madzi, cipatala, ngakhale bwalo la mpira. M'caka ca 1976 migodi ya Zambia inali ndi anchito oposa 60,000. Koma mtengo wa mkuwa unagwa, ngongole zinakula, ndipo migodi inagulitsidwa kwa makampani. Wa Nkana unalowa m'manja mwa Mopani m'caka ca 2000. Pofika 2001 anchito a m'migodi sanakwane 20,000. Ambiri ocotsedwa anasiyidwa ndi nyumba, imene mtengo wace unadulidwa pa ndalama zao zotsiriza. Nyumba inalipo ndithu, koma munthu sadya khoma. M'caka ca 2015 Mopani inacotsanso anthu oposa 4,000.

Nanga mabanja amenewa anadya ciani? Anyamata ena anakwera phiri la zotsalira za ng'anjo ya mkuwa limene liri pafupi ndi Wusakile, lochedwa Black Mountain, kukatola miyala yogulitsa. Ndipo m'mwezi wa Juni 2018 mbali ya phirilo inagumuka nipha anthu osacepera 10. Koma nyumba zambiri zinaimirira pa mutu wa mkazi, ndiko kunena pa beseni limene asenza.

Inu a ku mudzi mumvetse bwino cinthu cimodzi cimene cisiyanitsa umphawi wa ku tauni ndi wathu. Ife tikadwala sabata imodzi, nkhokwe iri panja, ndipo nkhwani ziri ku dimba. Wa ku tauni alibe nkhokwe. Tiyerekeze mai wamasiye ali ndi mpamba wa K300. Adzuka tambala asanalire kaciwiri, nanka ku Chisokone, msika waukuru wa Kitwe, naoda bokosi la matimati kapena mitolo ya repu. Akagulitsa zonse apeza phindu logula kathumba ka ufa kamene a ku tauni akacha pamela, ndi makala pang'ono, ndi mcere. Mpambawo aumanganso pa nsonga ya citenje kuti akaodenso mawa. Nsima ya madzulo ano icokera m'malonda a usana uno. Akalandidwa beseni, sanataye phindu la tsiku limodzi lokha, wataya mbeu. Kuti ayambenso ayenera kunka kwa wokongoza kaloba, amene cikongola cace cikula ngati citsamba ca pa culu, ndipo phindu la miyezi yakudza lidzakhala la munthu wina.

Mudzafunsa kuti, Nanga alekeranji kulowa mu msika, m'mene lamulo limlola? Cifukwa coyamba ndi cakuti ogulitsa acuruka koposa malo. Caciwiri ndi cakuti malo a mu msika sali ofanana: a pa cipata adyetsa munthu, a ku ngodya ya kumbuyo amgonetsa ndi njala, ndipo a pa cipata kawiri kawiri agwa m'manja mwa amene ali nazo kale. Ngakhale lamulo la 2007 linaika misika ndi masiteshoni a basi pansi pa ulamuliro wa makhonsolo, panapita zaka zambiri anyamata a zipani, ochedwa makada, alikutolera ndalama ndi kugawa malo m'misika yambiri monga afuna iwo. Cacitatu ndife ogula. Munthu woweruka ku nchito, wothamangira basi, agula cimene ciri pa mapazi ace. Salowa mu msika kukafuna ngodya. Ndipo munthu yemweyo, atanyamula matimati a pa mseu m'thumba, anena pa basi kuti tauni yada, Boma liwacotse anthu awa.

Tsono tisanamizane: Boma liri ndi mlandu weniweni pa miseu. Pamene anthu mazana akhala tsiku lonse pa malo opanda cimbudzi ndi opanda mpopi, zonyansa zipita kuti? Ngalande zidzala ndi zinyalala, mvula ikagwa madzi asefukira, ndipo cakudya cigulitsidwa pa mbali pa madzi omwewo. Matenda a kolera amene anabuka ku Lusaka m'mwezi wa Okutobala 2017 anagwira anthu pafupi 6,000 m'dziko lonse, napha oposa 100. Amene anafa sanali eni masitolo akuru. Anali anthu a m'makomboni, anansi a ogulitsa omwewo. Palinso mai wina amene tisamuiwale, ndiye wokhala mu msika, wopereka msonkho wace tsiku ndi tsiku, amene aona ogula alikutsekerezedwa pa cipata ndi mnzace wosapereka kanthu. Iyenso ali ndi ana. Wolamulira amene atseka maso pa zonsezi sali wacifundo. Ali waulesi, kapena ali wamantha.

Ndipo Mau a Mulungu sanyoza nkhani ya ukhondo. M'buku la Deuteronomo, mutu 23, Mose alamulira ana a Israyeli kuti apatule malo kunja kwa cigono, ndi kuti munthu ali yense akhale ndi cokumbira, afotsere zonyansa zace. Lamulo la cimbudzi liri m'Buku Lopatulika. Koma tembenuzani tsamba limodzi lokha, mufike pa mutu 24, ndipo mudzapeza lamulo lina limene ndifuna kuti tiliyang'anitse, pakuti pamenepa pagona mlandu wathu wonse. Aletsa wokongoza kutenga mphero ya munthu ikhale cikole, ngakhale mwala wace wa pamwamba wokha. Ndipo cifukwa cimene apereka ndi cakuti wotenga mphero watenga moyo wa mwini wace.

Ana a masiku ano adziwa cigayo cokha, koma agogo akumbukira mphero, ndipo adziwa kuti nyumba yopanda mphero kapena mtondo siiona ufa, cinkana cimanga ciri m'nkhokwe. Taonani nzeru ya lamuloli. Silinena kuti ngongoleyo ndi yabodza. Silinena kuti wokongoza ali woipa. Ngongole iripo, ndipo iyenera kubwezedwa. Cimene lamulo licita ndi kuika malire pa njira yolondolera ngongoleyo: tenga cina, koma cimene munthu adya naco usacikhudze. M'mutu womwewo wokongoza aletsedwa kulowa m'nyumba ya mnzace kukadzitengera cikole, aime panja. Ndipo akatenga copfunda ca waumphawi, acibweze dzuwa lisanalowe, kuti mwini wace angagone ndi mphepo. Munthu akhoza kukhala wolungama pa mlandu wace, nakhala wocimwa pa njira imene aulondolera.

Beseni la mai wa ku Wusakile ndilo mphero yace. Cifukwa cace ine nditi: Boma likhoza kunena kuti, Pano usagulitse. Koma liyenera kuti lithe kunenanso kuti, Gulitsa apo. Ndipo apo pakhale malo enieni, pamene ogula apita, pali madzi ndi cimbudzi, ndi msonkho umene mpamba wa K300 ungathe kuusenza. Kucotsa munthu osamuonetsa pokhala, ndi kumlanda katundu amene sadzamuonanso, ndiko kulowa m'nyumba ndi kuturuka ndi mphero.

Pali cinthu cina cimene cionjeza kulemera kwa mlandu wa olamulira, ndico kusinthasintha kwa mau ao. Lamulo loletsa malonda a pa mseu linalembedwa m'caka ca 1992, ndipo analilimbitsa m'2007 ndi m'2018. Koma m'caka ca 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anatsegula ofesi ya ogulitsa a pa mseu ku State House, kotero kuti anthu anayamba kucha malonda a pa mseu Ofesi ya Pulezidenti. Ndipo m'mwezi wa Epulo 1999, iye ali pampando pomwepo, apolisi anagwetsa timisasa ta ogulitsa m'kati mwa Lusaka. M'mwezi wa Disembala 2011 Pulezidenti Michael Sata anauza makhonsolo kuti aleke kubvuta ogulitsa, ndipo miseu inadzala. Kumapeto kwa 2017 Pulezidenti Edgar Lungu anatuma asilikari kukayeretsa Lusaka cifukwa ca kolera. Ciletso cinafika ndi ku matauni a ku Migodi, ndipo m'mwezi wa Januwale 2018 anthu a ku Kanyama anacita cipolowe. M'mwezi wa Julayi 2023 ogulitsa anacotsedwanso m'kati mwa Lusaka. Sindichula maina awa kuti ndikweze cipani cina ndi kutsitsa cinzace. Onse anapalasa moto womwewo. Koma kholo limene liuza mwana lero kuti, Idya, ndi mawa limkwapula cifukwa wadya, lisadabwe mwana akaleka kuopa mau ace nayamba kuopa ndodo yokha. Mai amene anamva mfumu ya dziko irikumlola, nakongola ndalama, naoda katundu, sangasanduke mbala usiku umodzi cifukwa mfumu yasintha mtima.

Ndipo tione cimene cinatsata. Patapita miyezi itatu yokha ogulitsa atacotsedwa m'2023, kolera anabukanso ku Lusaka m'mwezi wa Okutobala, ndipo nthawi imeneyo anapha anthu oposa 700 m'dziko, kufikira bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa m'2024. Matendawa akhala m'zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi, ndi m'makomboni opanda mipopi. Kucotsa beseni kutenga m'mawa umodzi ndi galimoto limodzi, ndipo kuoneka ndi maso a anthu onse. Kukumba ngalande ndi kuika mipopi kutenga zaka ndi ndalama zambiri, ndipo kuli pansi pa dothi pamene palibe woombera m'manja. Sindinena kuti kuyeretsa miseu kulibe phindu. Ndinena kuti ndi gawo lopepuka la nchitoyo, ndipo mtengo wace ulipiridwa ndi iwo amene alibe.

Tibwere tsopano ku funso la akuru a mpingo. Mai amene ali ndi malo abwino mu msika, nawasiya kapena kuwabwereketsa kwa wina kuti akatsekereze anzace pa cipata, ali ndi colakwa, ndipo mkuru wa dera lace amlangize. Amene ataya zinyalala m'ngalande, kapena agulitsa nsomba yobvunda, kapena apima ndi mbale yophwanyidwira m'kati, acimwira mnansi wace, angakhale ali pa mseu angakhale ali mu msika. Koma mai amene anafuna malo nawasowa, amene agulitsa cace ca iye yekha ndi muyeso woona, nasesa pamene akhala, ameneyo ine sindipeza mau omletsera ku Mgonero wa Ambuye. Paja akuru anati, wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Sanabe, sananame, sanagulitse thupi lace, ngakhale njala ikankhira ena ku zimenezo. Akagwidwa asatukwane kapena kuponya miyala, ndipo asapereke ciphuphu. Koma mpingo usamuonjezere manyazi pamwamba pa cisoni cace. Ndipo abusa a m'matauni, amene aitanidwa kukapemphera pa misonkhano ya Khonsolo, akatha Amen asakhale cete. Afunse kumene anthu ocotsedwawo adzakhala.

Mwina mwa inu owerenga muli atate amene mwana wao abvala yunifolomu ya apolisi a Khonsolo. Nchito yace si cimo. Yohane Mbatizi sanauze asilikari kuti asiye usilikari, koma anawaletsa kulanda ndi kunamizira anthu. Mumuuze mwana wanu kuti ayambe wacenjeza asanagwire, kuti asapondereze cakudya ndi nsapato, kuti katundu wogwidwa alembedwe m'buku mwini wace alikuona, ndi kuti nthoci imodzi ya m'beseni la wamasiye isalowe m'kamwa mwace kapena m'nyumba mwace.

Ndipo ife a ku Chipata, Katete ndi Petauke tiri ndi gawo lathu. Ndalama imene ifika pa foni nyengo ya feteleza kapena ya maliro, imene tiyesa icokera ku mgodi, kawiri kawiri yacokera m'beseni. Mukamva pa wailesi kuti acotsa ogulitsa ku Kitwe kapena ku Ndola, mwezi umenewo musatumize uthenga wopempha. Yambani mwafunsa mlongo wanu ngati mpamba ulipo. Ngati watha, amai a Cigwirizano asonkhe, ndipo mukweze pa basi thumba la nshawa kapena la nyemba. Zimenezi sizibvunda masiku atatu monga matimati. Akhoza kuzisunga pansi pa kama kufikira atapeza malo, nazigulitsa pang'ono pang'ono pa khomo la nyumba yace.