Kukhulupirira dokotala: nzeru kapena kutseka maso?



Wodwala akalowa m'chipinda cha dokotala amapereka thupi lake kwa munthu amene mwina sanamuonepo. Sangadziyeze yekha magazi, ndipo sadziwa zomwe zili mu jakisoni. Kodi kukhulupirira kotereku ndi nzeru, kapena ndi kutseka maso chabe?

Tiyambe ndi boma lathu lino la Karonga. Mu 1979 ku Chilumba kunayambika ntchito yofufuza za khate, yomwe inadzatchedwa Karonga Prevention Study. Ogwira ntchito ankayenda khomo ndi khomo, chaka ndi chaka, mpaka nkhope zawo zinadziwika m'midzi. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu opitirira 120,000 analowa nawo m'kafukufuku wa katemera. Zotsatira zake mu 1996 zinasonyeza kuti kubwereza katemera wa BCG kumachepetsa khate pafupifupi ndi theka. Makolo athu akadakana kupereka mkono, dziko silikadadziwa zimenezi.

Chikhulupiriro chikatha, amavutika ndi odwala omwe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe, anthu anaphedwa, ndipo azaumoyo ena anaukiridwa. Namwino akaopa kulowa m'mudzi, mwana wodwala malungo amuthandiza ndani?

Komatu azaumoyo sangalamule anthu kuti awakhulupirire. Ayenera kuonetsa ndi ntchito kuti ndi odalirika. Mu May 2021 Unduna wa Zaumoyo unawotcha poyera katemera 19,610 wa Covid-19 amene masiku ake anali atatha, kuti anthu adzionere okha kuti sadzabayidwa mankhwala otha ntchito. Dokotala wofotokoza matenda mwaulemu, wosunga chinsinsi, wosabisa mankhwala akasowa, ndiye amene anthu amabwerera kwa iye.

Wodwala nayenso ali ndi udindo. Akabisa kuti anasiya kumwa ma ARV, kapena kuti akumwanso mankhwala azitsamba, dokotala amachiza mu mdima. Kufunsa kuti "mankhwalawa ndi a chiyani, ndimwe masiku angati?" si mwano. Ndi kukambirana kwa anthu awiri ofuna chinthu chimodzi, ndicho moyo.

Choncho kukhulupirira kwanzeru kumafuna maso otseguka ndi chilungamo mbali zonse ziwiri.

Tikambirane:

1. Tikamva mphekesera za chipatala pamsika kapena pa WhatsApp, tingafufuze bwanji choonadi tisanauze wina?

2. Mnzathu amene sanalandiridwe bwino kuchipatala ndipo wakana kubwererako, tingamuthandize bwanji popanda kunyoza madandaulo ake?

3. Kuno ku Mwenilondo, tingachite chiyani kuti alangizi azaumoyo ndi mabanja azimvana?