Kugwira Mosafinya

Mu 1979, ku Mojave m'chipululu cha California, kandege kotchedwa Long-EZ kanauluka koyamba. Anakalinganiza ndi Burt Rutan, ndipo anthu ankagula mapulani ake n'kumakamanga okha m'magalaja a kwawo: kusema foam, kuikuta ndi nsalu ya fiberglass, kupaka guluu wa epoxy, kukwecha ndi sandipepala mpaka zaka kutha. Obwera kudzaona amasisita mapiko osalalawo n'kumayamikira. Ochepa okha ndiwo amawerama kuti aone kapaipi ka nayiloni, koonda kuposa pensulo, kamene kamatsika ndi mwendo wa ndege kupititsa mafuta ofiira kumabuleki.

Komatu moyo wa munthu wagona pamenepo. Gudumu lakutsogolo la ndegeyi limangotsatira, woyendetsa salikhotetsa. Ikamayenda pang'onopang'ono pansi, amaiwongolera poponda buleki yakumanzere kapena yakumanja. Kapaipi ka mbali imodzi kakabooka, phazi limaponda pachabe, ndege n'kupatukira kutchire.

Kapaipi kotere sikabooka tsiku limodzi. Injini imanjenjemeretsa ndege yonse, ndipo kapaipi kosiyidwa lendelende kamakhulana ndi m'mphepete mwa fiberglass youma, yakuthwa ngati lumo. Lero kakanda pang'ono, mawa pang'ono, kenako dontho lofiira pansi. Pafupi ndi gudumu pali mdani wina: chitsulo cha buleki chikatentha chimafewetsa nayiloni, choncho pamafunika chotchinga kutentha.

Mmisiri wodziwa amagwiriziza kapaipiko ndi tizitsulo tokhala ndi labala m'kati. Sangangoboola paliponse, pakuti khungu la ndege ndi lopyapyala ndipo foam ya m'kati siigwira sikuluwu. Amayamba wamata pogwirira ndi epoxy, n'kudikira kuti iume. Mawaya a magetsi amawadutsitsa pamwamba, kuti mafuta akadontha asawagwere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: kumanga kolimbitsitsa nako kumapha. Ndege ikamatera, mwendo wake umapindika ngati uta kenako n'kuwongoka. Kapaipi kokokedwa kwambiri kamazuka pamfundo. Nchifukwa chake mmisiri amakasiyira kampata kopindikira limodzi ndi mwendo. Kulekerera kumawononga, kufinya kumawononganso, ndipo muyeso wapakati amaudziwa ndi zala za munthu amene wakhala pansi n'kulingalira mmene chinthucho chidzagwedezekere iye kulibe.

Ndimaona kuti umu ndi mmene timagwirira chilichonse chimene timachikonda, kaya ndi mwana, banja kapena ubwenzi. Timafunafuna pamene pangakhule, n'kuikapo chofewa. Timagwira kuti chisatayike, koma timasiya mpata woti chipume.

Ntchitoyi ikatha amaitsekera m'kati, ndipo mwina palibe adzaiyamikire. Malipiro ake amabwera tsiku lina madzulo, mmisiri atakweza mdzukulu wake kumpando wakumbuyo. Matayala akhudza pansi, phazi laponda, buleki yagwira mbali zonse ziwiri, ndipo mwanayo akutsika akuseka, osadziwa kuti panali choopa.